Landilodi Akati "Renti Yakwera": Zoyenera Kudziwa Musanayambe Kumanga Katundu

Uthenga wake subwera ndi ng'oma. Nthawi zina ndi meseji ya pa foni usiku, nthawi zina ndi kamwana ka pa nyumba yaikulu kamene kakupezani mukutsuka mbale: "Ati kuyambira mwezi wa mawa renti ni K800." Inu mumalipira K500. Malipiro sanasunthe, thumba la unga lakwera, ndipo mwezi watsala ndi masiku asanu kuti usile.

Apa ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amavomera msangamsanga, kenaka n'kuyamba kudya nkongole ya kaloba. Ena amakwiya, amaleka kulipira, n'kumauza aliyense pa mjigo kuti "aone chimene adzachita." Njira zonsezi zimakugwetsani. Mfundo yoti muigwire ndi iyi: mawu a landilodi akuti renti yakwera ndi pempho loti mukambirane, si chigamulo. Ndipo wokhala ndi mphamvu yokutulutsani m'nyumba ndi khoti chabe.

Chifukwa chake tikukamba za Kacholola

Amene mumakwera mabasi a kum'mawa mumapadziwa. Mukachoka ku Lusaka pa Great East Road, mukawoloka mlatho wa Luangwa n'kulimbana ndi mapiri aja, mumafika pa Kacholola musanalowe pa boma ya Nyimba, kwao kwa nthochi, ndi Petauke kutsogolo kwake. Ndi malo aang'ono, koma ali ndi sukulu ya sekondale, chipatala chaching'ono ndi mashopu a m'mbali mwa msewu. Pamene pali zimenezi pamakhala anthu obwera: mphunzitsi amene wangotumizidwa kumene, namwino, mtsikana wa pa buthi ya mobile money, mnyamata wa njinga yamoto. Onsewa afuna pogona, koma nyumba za malata zokhala ndi simenti pansi n'zowerengeka.

Pamalo otere landilodi amadziwa kuti simungathawire kutali. Ku Mtendere kapena ku Chawama mungasamukire mseu wachiwiri, osaonananso. Pa Kacholola mudzakumana naye ku tchalitchi, ku maliro ndi pa chigayo. Komabe lamulo la dziko ndi limodzi, kaya muli ku Kabulonga kaya kuseri kwa shopu pa Kacholola.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lakale kuposa ambiri a ife

Dzina lake ndi Rent Act, mutu 206 wa malamulo a Zambia, ndipo linakhazikitsidwa mu 1972, nthawi ya Kenneth Kaunda. Limakhudza nyumba zogonamo zimene munthu amalipira renti. Silifuna kuti mukhale ndi pangano lolembedwa ndi loya kuti mutchedwe tenanti. Ngati munagwirizana pakamwa, mumakhalamo ndipo mumalipira, ndinu tenanti.

Pali nyumba zina zimene lamuloli silizikhudza. Yoyamba ndi nyumba imene mumakhalamo chifukwa cha nchito, monga ya pa sukulu kapena ya kampani. Zina ndi nyumba zimene mwini wake ndi boma, malo amene mumalipira chakudya ndi pogona pamodzi, ndi pangano lalitali loposa zaka 21. Choncho aphunzitsi okhala m'nyumba ya pa sukulu nkhani yawo ndi ina, koma mnzawo amene anasowa malo n'kukapeza zipinda ziwiri kwa amai ena kumsika, lamuloli ndi lake.

Kunena zoona, malandilodi ndi matenanti ambiri sanaliwerengepo, ndipo zambiri zolembedwamo sizitsatidwa tsiku ndi tsiku. Koma kusatsatidwa sikulipha lamulo. Nkhani ikafika kwa majisitireti, buku limene amatsegula ndi lomweli.

Renti yokhazikika

Mtima wa lamuloli ndi chimene pa Chingelezi amati standard rent, ndiye kuti renti yokhazikika ya nyumbayo. Woiika ndi khoti. Lamulo limati landilodi ayenera kupempha khoti kuti liike renti imeneyi asanalowetse munthu m'nyumba, kapena pasanathe miyezi itatu atamulowetsa. Nanunso tenanti mungathe kupempha khoti kuti liiwerengere.

Kwa nyumba yopanda mipando, kawerengedwe kake kamayambira pa ndalama zimene anamangira nyumbayo kuphatikiza mtengo wa malo. Renti ya pa mwezi imakhala 1.25 peresenti ya zonsezo. Tiyerekeze kuti nyumba ndi malo ake zakwana K80,000: renti ya pa mwezi ingakhale K1,000. Ngati ili ndi zitseko ziwiri, mabanja awiri, simungasenze K1,000 yonseyo nokha.

Apa chenjerani. Masamu amenewa alibe chibale. Angathe kuonetsa kuti mumalipira mopitirira, angathenso kuonetsa kuti landilodi wakhala akukuchitirani chifundo. Musanatchule za khoti, yambani mwawerengera nokha pa foni, moona mtima.

Renti yokhazikika ikaikidwa, ndalama yopitirira pamenepo landilodi sangaiitanitse, ndipo kuiitanitsa kapena kuilandira ndi mlandu. Imene munalipira kale mopitirira mungathe kuifuna kuti ibwere. Lamulo lomweli limaletsanso kufuna renti ya patsogolo yoposa miyezi iwiri. Inde, zija za "miyezi itatu ya patsogolo, apo ayi fungulo kulibe" zimene zinazolowereka m'tauni, buku siligwirizana nazo.

Zifukwa zimene lamulo limalola

Landilodi si mdani, ndipo lamulo silimumanga manja kotheratu. Limamupatsa makomo awiri oonekeratu okwezera renti.

Loyamba ndi pamene msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, uja amati mareti, wakwera ndipo wolipira ndi iye. Angathe kuwonjezera pa renti ndalama imene yakwerayo, osapitirira apo. Msonkho umenewu ndi wosiyana ndi wa ZRA. Kale tenanti ndiye ankayenera kudula 10 peresenti pa renti n'kukapereka ku ZRA, koma kuyambira mu Januwale 2022 landilodi ndiye amalipira yekha msonkho wa ndalama zimene amapeza pa renti. Ndiye akakuuzani kuti "msonkho wakwera," funsani mwaulemu kuti msonkho uti.

Lachiwiri ndi pamene wawononga ndalama kuitukula nyumbayo: wawonjezera chipinda, wakokera madzi m'nyumba, wamanga chimbudzi cha madzi pamene panali cha dzenje. Ngakhale apa sangakubwezereni mtengo wonse mwezi umodzi. Lamulo linaika malire a gawo limene angawonjezere pa chaka.

Kukonza chimene chinawonongeka si kutukula. Kusintha lata lodontha, kumata ming'alu, kupaka penti Khrisimasi ikayandikira, zonsezi ndi udindo wa mwini nyumba pokhapokha ngati pangano lanu linanena zina. Dengalo likasiya kudontha, mwangolandira chimene munali kulipirira kale.

Pa makomo awiri onsewa, chidziwitso chiyenera kukhala cholembedwa. Mawu otumiza mwana si chidziwitso. Ndipo ngati munasainirana pangano la chaka chimodzi pa mtengo wakuti, mtengowo sungasinthe pakati pa chaka ndi munthu mmodzi, pokhapokha ngati m'pepalamo muli mzere wolola zimenezo. Liwerengeni pepalalo lero, musadikire tsiku la mkangano.

Zimene landilodi saloledwa kuchita

Mukakana mtengo watsopano, pamabwera masewera amene tonse tinawaonapo mu komboni. Dziwani kuti ambiri mwa iwo ndi milandu.

Kukudulirani madzi kapena malaiti pofuna kukukhaulitsani. Ngati mita ya ZESCO ili ku nyumba yaikulu ndipo waya wa kwa inu wazulidwa dala, pamene inu gawo lanu la mayuniti munapereka, lamulo limaletsa zimenezo popanda chilolezo cha khoti.

Kukuvutitsani dala kuti mutope musamuke, kapena kuti muvomere renti yokwera. Kuzula chitseko, kukhoma chimbudzi ndi loko, kuchotsa malata mvula ili pafupi, kubwera m'mamawa uliwonse kudzatukwana pa khomo: lamulo lili ndi chilango cha khalidwe lotere.

Kukulandani katundu. Landilodi sangalowe n'kunyamula TV, matiresi kapena mbaula yanu kuti ndi chikole cha renti popanda chilolezo cha khoti, ngakhale mutakhala ndi nkongole yeniyeni.

Kufuna ndalama ya pambali kuti akupatseni nyumba kapena kuti mupitirize kukhalamo. Kaya aitche "ya fungulo" kaya "ya kulowa," ngati ndi yowonjezera pa renti monga mtengo wogulira mwayi wokhalamo, lamulo limaikana.

Palinso china chimene ambiri sadziwa: landilodi ayenera kusunga buku la renti lolembamo ndalama iliyonse imene mwalipira, inunso n'kukhala ndi lanu. Kabuku ka sukulu ka masamba ochepa kakwanira, bola pakhale deti, ndalama ndi siginecha.

Nanga akati "tulukani"?

Apa ndi pamene mitima imathamanga. Landilodi angathe kukupatsani notisi, koma notisi si chilolezo chotaya katundu wanu panja. Nthawi ya notisi ikatha inu musanatuluke, njira yake ndi ya ku khoti, ndipo khoti limafuna chifukwa chimene chili m'lamulo.

Zifukwa zake zazikulu ndi izi: simukulipira renti yoyenera, mwaphwanya pangano, mukusowetsa mtendere anansi kapena mukuchitiramo zoletsedwa, mwaiwononga nyumba, kapena mwalowetsamo tenanti wanu popanda chilolezo. Ngati landilodi afuna nyumbayo kuti akhalemo yekha kapena banja lake, notisi yake ndi ya miyezi yosachepera 12. Ngati afuna kuigwetsa kapena kuimanganso, ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi.

Mwaona chimene mulibe pa mndandandawu? "Wakana renti yatsopano" mulibe. "Ndapeza wina wolipira zambiri" mulibenso. Koma "sakulipira" mulimo, ndipo ndicho choyamba. N'chifukwa chake kuleka kulipira chifukwa cha mkwiyo n'kumupatsa landilodi mpeni umene analibe.

Tiyerekeze anyamata awiri a pa yadi imodzi, onse auzidwa K800. Woyamba akuti, "Ine sinilipila olo ngwee mpaka abweze mtengo." Pakatha miyezi itatu ali ndi nkongole ya K1,500 imene sangaikane pamaso pa wina aliyense. Wachiwiri tsiku lake likakwana akutumiza K500 ya masiku onse pa foni, akusunga meseji, n'kulemba kuti zowonjezerazo sanavomere ndipo akupempha kukambirana. Onse awiri akana, koma mmodzi yekha ndiye angaime pamaso pa majisitireti mutu uli m'mwamba.

Ngati ndi shopu, buku ndi lina

Amai a saluni, a kantemba ka zakumwa ndi a shopu ya masipeya m'mbali mwa Great East Road, Rent Act si yanu. Malo a bizinesi ali ndi lamulo lawo, Landlord and Tenant (Business Premises) Act, mutu 193. Pansi pa lamuloli, landilodi wofuna kuthetsa pangano amapereka notisi yolembedwa ya miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, yosapitirira 12. Tenanti angathe kupempha khoti kuti limupatse pangano latsopano, ndipo ngati simukumvana pa mtengo, khoti lingauike. Izi zili ndi masiku ake owerengeka, choncho notisi yotere ikafika musaiike pansi pa matiresi. Pitani nayo msanga kwa odziwa malamulo.

Zochita uthenga ukafika

Choyamba, musayankhe tsiku lomwelo. "Namvela, nizabwela tikambe" ndi yankho lokwanira. Mawu akuti "chabwino" onenedwa mwamantha pa khomo angadzatengedwe ngati kuvomera, makamaka mukalipira mtengo watsopanowo kamodzi osanena kanthu.

Chachiwiri, pemphani kuti alembe: mtengo watsopano, tsiku loyambira, ndi chifukwa chake. Ngakhale meseji ya pa WhatsApp ndi yabwino kuposa mawu a pakamwa.

Chachitatu, sonkhanitsani umboni. Mameseji a Airtel Money kapena MTN MoMo ndi malisiti abwino kwambiri, musawafute. Ngati mumalipira pamanja, yambani kabuku kaja mwezi uno. Jambulani nyumbayo momwe ilili: denga, makoma, chimbudzi.

Chachinayi, funsani mitengo. Zipinda ziwiri zofanana ndi zanu akulipira zingati ena pafupi? Ngati pa yadi muli angapo, kambiranani, mupite ndi mawu amodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu, pitirizani kulipira renti yakale pa tsiku lake. Landilodi akakana kulandira, musaidye ndalamayo. Isungeni padera, ndipo mulembereni meseji yonena tsiku limene munabwera nayo iye n'kuikana.

Kakambidwe kake

Kwathu kuno munthu wamkulu sumuyamba ndi mutu 206. Mukalowa pa khomo pake mukugwedeza pepala, mwaluza musanakhale pansi. Pitani madzulo, perekani moni, funsani za kumunda, kenaka lowani m'nkhani.

"Amai, uthenga uja ndinaulandira. Ndikudziwa kuti zinthu zadula kwa tonse. Koma kuchoka pa K500 kufika pa K800 nthawi imodzi, ine sindingakwanitse, ndipo sindifuna kukulonjezani bodza. Bwanji tiwonjezere K100 pakatha miyezi iwiri, zina tidzaonenso chaka chikatha?"

"Mwana wanga, simenti mukuidziwa mtengo wake?"

"Ndikuidziwa, amai. Koma pa zaka ziwiri izi, kodi ndinakupititsanipo tsiku?"

Funso lomalizali ndiye chida chanu chachikulu. Tenanti wolipira pa nthawi ndi wosowa, ndipo landilodi wanzeru amadziwa kuti nyumba ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, phindu lonse la kukweza lija lapita. Muli ndi zambiri zoika pa tebulo: kukwera pang'onopang'ono, kusuntha tsiku loyambira kuti lifike pambuyo pa malipiro kapena pambuyo pogulitsa chimanga, kapena kuvomera pang'ono iye atakonza chitseko ndi chimbudzi. Chilichonse chimene mwamvana chilembedwe, musaine nonse awiri, pakhale ndi mboni imodzi mbali iliyonse.

Kumbukiraninso kuti landilodi wa pa Kacholola kawirikawiri si mwini mafulati. Angakhale mai wamasiye amene zipinda zitatuzo ndiye penshoni yake, kapena mdala amene anamanga ndi ndalama zopumira pa nchito. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chimenecho, chinapsereza minda ya onse, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho kukwera kwa mitengo ya zinthu kunali kutapitirira 16 peresenti. Amene amakweza renti si onse adyera. Kudziwa ufulu wanu sikutanthauza kuti renti isadzakwere mpaka kalekale. Kumatanthauza kuti ikwere mwa dongosolo, ndi chifukwa chomveka, inu mutapatsidwa nthawi.

Zikakanika, kopita nkuti?

Yambani pafupi. A nyakwawa, akuluakulu a mpingo kapena khansala wa dera lanu angathe kukukhazikani pansi nonse awiri. Pamalo aang'ono njira imeneyi imathetsa nkhani zambiri popanda kudana. Dziwani chabe kuti iwo ndi oyanjanitsa. Chikalata chotulutsa munthu m'nyumba pansi pa Rent Act chimachokera ku khoti.

Ngati pali kuopsezana, kumenyana, kuthyola chitseko kapena kutaya katundu panja, pitani ku polisi. Apolisi sagamula mtengo wa renti, koma chiwawa ndi kuwononga katundu ndi nchito yawo.

Nkhani ya renti yokhazikika, notisi ndi kutulutsidwa imapita ku khoti la majisitireti kapena ku High Court, malinga ndi kukula kwake. Kalaliki wa pa khoti la majisitireti lapafupi, monga la ku Petauke, angakuuzeni kumene nkhani yanu iyenera kulowera. High Court ya chigawo cha kum'mawa ili ku Chipata. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Board inakhazikitsidwira anthu ngati inu, ndipo ku Chipata ili ndi ofesi. Ponyamuka tengani NRC, pangano ngati lilipo, kabuku ka renti, mameseji ndi zithunzi.

Mukalandira samoni ya ku khoti, musabisale. Wosabwera amaweruzidwa iye kulibe, ndipo zikatero amene adzagogoda pa khomo ndi mabelifu ali ndi chikalata chenicheni m'manja.

Werengerani mtengo wa nkhondoyo

Khoti limadya nthawi ndi thiransipoti. Kuchoka pa Kacholola kupita ku boma kangapo, kusiya buthi kapena kalasi, zonsezo ndi ndalama. Nthawi zina mukawerengera mudzapeza kuti kuvomera K100 n'kotchipa kuposa kulimbana, ndipo nthawi zina kusamuka mwa mtendere ndiye nzeru. Palibe manyazi pamenepo. Koma samukani pa tsiku limene mwasankha inu, mutapeza kopita, dipoziti yanu mutaiwerengera, osati usiku ndi matiresi pamutu chifukwa wina wakuopsezani ndi mphamvu imene alibe.

Ndipo pa nyumba yotsatirayo, musanalandire fungulo, funsani funso limene ambiri amaliiwala chifukwa cha chimwemwe cha penti watsopano: "Atate, renti imeneyi ikhala chonchi mpaka liti, ndipo ikafuna kusintha mudzandiuza kukali miyezi ingati?" Yankho lake lilembedwe pa tsamba loyamba la kabuku kaja.